Wisiki wosathiridwa madzi: zimene zili m'botolo lolembedwa cask strength

Wisiki wochuluka wa ku Scotland amene amagulitsidwa m'masitolo amakhala ndi nambala 40% kapena 43% pabotolo, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti imeneyi ndi mphamvu imene mowawo unatuluka nayo mumgolo. Zoona zake n'zakuti mowawu ukakhwima umakhala waukali kuposa pamenepo, kawirikawiri pakati pa 50% ndi 62%, ndipo eni ake amathiramo madzi oyera mpaka utafika pa mlingo umene asankha, kenako n'kuutsanulira m'mabotolo. Koma pali mabotolo ena, ochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo, amene mowa wake sunakumane ndi madzi omalizawo. Pa mabotolo oterowo pamalembedwa mawu a Chingelezi akuti cask strength, kutanthauza kuti mowawo udakali ndi mphamvu imene unali nayo mumgolo, ndipo nambala zake zimakhala zachilendo, monga 54.8% kapena 61.2%. Munthu wofuna kulawa wisiki wotere ayenera kudziwa kaye kuti ntchito yothira madzi, imene fakitale inaisiya dala, yagwera iyeyo, ndipo kukoma kapena kuipa kwa zimene alawe kudalira kwambiri mmene achitire ntchitoyo.

Kuti timvetse kumene mphamvuyo imachokera, tiyambire pa kapangidwe kake. Wisiki wotchedwa single malt, wochokera ku fakitale imodzi yokha, amapangidwa ndi zinthu zitatu zokha: chimera cha balere, madzi ndi yisiti. Chimeracho amachipera, amachiviika m'madzi otentha kuti shuga atuluke, madzi otsekemerawo amawawiritsa ndi yisiti kwa masiku awiri kapena kupitirira, kenako amatcheza m'miphika ikuluikulu yamkuwa, kawirikawiri kawiri. Aliyense amene anaonapo mmene amatchezera kachasu sangavutike kumvetsa zimene zimachitika pamenepa, chifukwa mfundo yake ndi imodzimodzi: zoyamba kudontha zimakhala zaukali kwambiri, zomaliza zimakhala zofooka ndi zonunkha, ndipo wotcheza wa ku Scotland amasunga zapakati zokha, zinazo n'kuzibwezera mumphika. Zapakatizo zimatuluka zoyera ngati madzi, zili ndi mphamvu ya 70% kapena chapafupi. Mafakitale ambiri amazitsitsa pang'ono mpaka 63.5% asanazithire m'migolo. Izi zikusonyeza kuti ngakhale wisiki wa cask strength anakumanapo ndi madzi pachiyambi; amene sanakumane nawo ndi a kumapeto okha.

Malamulo a 2009 okhudza wisiki wa ku Scotland amanena kuti mowawu uyenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oak, yosaposa malita 700, kwa zaka zosachepera zitatu, m'dziko la Scotland momwemo, ndipo usagulitsidwe ndi mphamvu yochepera 40%. M'zaka zonsezo mgolo umapuma. Thabwa limamwa mowa nyengo ikafunda n'kuubweza kukazizira, ndipo chaka chilichonse pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse a zimene zili mumgolo amauluka ngati nthunzi. Anthu a kumeneko amati limeneli ndi gawo la angelo. Popeza dziko la Scotland ndi lozizira ndiponso lachinyezi, chimene chimauluka kwambiri ndi ethanol, chinthu choledzeretsa cha mumowa, osati madzi, motero mphamvu ya mowa imatsika pang'onopang'ono pamene zaka zikupita. Ku Kentucky, m'dziko la America, kumene nyumba zosungiramo migolo zimatentha ndi kuuma, nthawi zina zimachitika mosiyana, mphamvu imakwera. N'chifukwa chake si zoona kuti wisiki aliyense wa cask strength ndi woyaka. Wa zaka 8 akhoza kukhala pa 61%, pamene wa zaka 35 akhoza kutsika yekha mpaka 45%, ndipo woyang'anira migolo amakhala tcheru ndi migolo yakale chifukwa umene mphamvu yake yatsika pansi pa 40% sungagulitsidwenso pawokha ndi dzina la Scotch.

Nanga n'chifukwa chiyani mabotolo ambiri amatsitsidwa mpaka 40%? Chizolowezichi chinakhazikika pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene boma la Britain linkada nkhawa ndi uchidakwa pakati pa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zida ndipo linaika malire pa ukali wa mowa wogulitsidwa. Lamulo loti wisiki azikhwima kaye mumgolo linabweranso nthawi yomweyo, mu 1915. Nkhondo itatha chizolowezicho sichinathe, chifukwa chinkakomera ogulitsa: msonkho wa mowa ku Britain umawerengedwa potengera kuchuluka kwa ethanol, ndipo mgolo umodzi ukathiridwa madzi umadzaza mabotolo ambiri. Masamu ake ndi osavuta. Botolo la mamililita 700 la 60% likatsitsidwa mpaka 40% limatulutsa pafupifupi botolo limodzi ndi theka. Munthu akamayerekeza mitengo ya mabotolo awiri ayenera kukumbukira zimenezi, chifukwa mbali ina ya kukwera mtengo kwa cask strength ndi mowa weniweni umene uli m'botolomo.

Amalonda oima paokha, amene amagula migolo ku mafakitale n'kuiika m'mabotolo ndi dzina lawo, ndiwo anasunga mwambo wogulitsa wisiki monga mmene watulukira. Wakale kwambiri pa amalonda otere a ku Scotland ndi Cadenhead's, amene anayamba malonda ku Aberdeen mu 1842. Pakati pa mafakitale enieni, dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi Glenfarclas ya ku Speyside, dera la ku Scotland, imene yakhala m'manja mwa banja la Grant kuyambira 1865. Mu 1968 George S. Grant anaika m'mabotolo mowa wa mumgolo umodzi wosathiridwa madzi kuti apereke kwa abale ndi abwenzi pa Khirisimasi, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa Glenfarclas 105. Nambala 105 ndi ya muyezo wakale wa ku Britain wotchedwa proof, umene 100 yake ndi 57.1%, motero 105 ndi 60%. Mu 1983 kagulu ka abwenzi a ku Edinburgh, motsogozedwa ndi Pip Hills, kanakhazikitsa Scotch Malt Whisky Society, imene imagula migolo umodziumodzi n'kugawira mamembala ake, ndipo pamabotolo ake salembapo dzina la fakitale koma nambala yoimira fakitaleyo ndi ina yoimira mgolo. Nambala 1 inaperekedwa kwa Glenfarclas. Njira imeneyi, kwa ine, ndi yothandiza kwambiri kwa wolawa, chifukwa imam'kakamiza kumvera mphuno yake asanamvere kutchuka kwa dzina.

Pali mfundo imodzi imene ogulitsa saifotokoza kawirikawiri. Malamulo a 2009 amatanthauzira bwino lomwe mawu akuti single malt ndi blended (wosakaniza wa mafakitale angapo), ndipo amalamula kuti zaka zolembedwa pabotolo zikhale za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene asakanizidwamo, koma satanthauzira mawu akuti cask strength. Motero mawuwa amabisa zinthu zingapo zosiyana. Pali botolo lochokera mumgolo umodzi wokha, limene limalembedwa single cask, ndipo nthawi zambiri limasonyeza nambala ya mgolo, tsiku lotchezera ndi tsiku loika m'botolo. Palinso botolo lochokera m'migolo yambiri imene yasakanizidwa popanda kuthira madzi, monga Aberlour A'bunadh, amene amatuluka m'magulu okhala ndi nambala, ndipo magulu ake anadutsa kale 70, lililonse ndi mphamvu yakeyake pafupi ndi 60%. Ndiye pali mabotolo amene nambala yake sisintha chaka ndi chaka, chizindikiro chakuti wosakaniza amasankha migolo mosamala kuti afike pa nambala imodzimodziyo. Zonsezi zikhoza kukhala zabwino, koma si chinthu chimodzi, ndipo munthu amene walawa gulu lina la A'bunadh asaganize kuti walawa onse.

Mawu ena amene amayendera limodzi ndi amenewa ndi akuti limited edition, kutanthauza kuti mabotolowo ndi owerengeka. Nthawi zina kuchepako n'kwachilengedwe. Mgolo wotchedwa hogshead umalowa malita pafupifupi 250, ndipo pakatha zaka 12 angelo atatenga gawo lawo, umatulutsa mabotolo osafika 300. Wotchedwa butt, wa malita pafupifupi 500, umatulutsa kuwirikiza kawiri. Mabotolowo akatha, ndiye kuti atha, chifukwa ngakhale mgolo umene unadzazidwa tsiku lomwelo n'kugonekedwa pambali pake umatuluka ndi kakomedwe kena. Kuchepa kwina kunabwera ndi mbiri. Mu 1983, wisiki atachuluka kuposa ogula, mafakitale ambiri anatsekedwa, kuphatikizapo Port Ellen ya pachilumba cha Islay ndi Brora ya kumpoto. Kampani ya Diageo, mwini wa mafakitale awiriwa, itayamba kutulutsa mabotolo apadera chaka ndi chaka mu 2001, migolo yotsala ya mafakitale otsekedwawa inasanduka chuma, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri chifukwa aliyense ankadziwa kuti ikuchepa. Brora inatsegulidwanso mu 2021 ndipo Port Ellen mu 2024, koma mowa watsopano sungalowe m'malo mwa wakalewo. Pa chikondwerero cha Fèis Ìle, chimene chimachitika ku Islay kumapeto kwa mwezi wa May, anthu amakhala pamzere kuyambira m'bandakucha kudikira mabotolo amene fakitale iliyonse yatulutsira sabata imeneyo yokha.

Koma kuchepa kwina n'kochita kupanga. Kampani ikhoza kutulutsa mabotolo zikwi makumi angapo, n'kuwaika m'bokosi lokongola, n'kulemba kuti ndi owerengeka, ndipo siinanama, popeza chilichonse chili ndi chiwerengero. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mabotolo ambiri otere amagulidwa ndi anthu amene alibe cholinga chowatsegula, amene amangodikira kuti mtengo ukwere akagulitse, ndipo munthu amene amafunadi kumwa amatsala manja ali m'khosi. Kusowa kwa botolo sikunena chilichonse za ubwino wa mgolo umene linachokera. Mgolo umodzi ukhoza kukhala wapamwamba, ukhozanso kukhala wotopa, kapena wonunkha sulufule ngati machesi ongozimitsidwa, ndipo popeza sunasakanizidwe ndi ina, palibe chobisa chilema chake.

Mtundu wa mgolo ndi umene umalamulira mbali yaikulu ya zimene mphuno imve. Malamulo a ku America amafuna kuti bourbon, wisiki wa kumeneko, azikhwima m'migolo yatsopano yowauka mkati, motero migolo imene yagwira ntchito kamodzi imatumizidwa ku Scotland yambirimbiri. Imeneyi imapereka mtundu wachikasu chowala ndi kafungo ka vanila, kokonati ndi uchi. Migolo imene munali vinyo wa sherry wa ku Jerez, m'dziko la Spain, imapereka mtundu woderapo ndi kakomedwe ka zipatso zouma ndi zokometsera. Maonekedwewo okha asakunamizeni, chifukwa malamulo amalola kuthira karamelo wosinthira maonekedwe. Botolo limene mulibe karameloyo nthawi zambiri limanena poyera. Mabotolo ambiri a cask strength sadutsanso m'sefa yozizira. Wisiki wa mphamvu yochepera 46% amachita mbuu akazizira, chifukwa timafuta tina ta mumowamo timaundana, ndipo pofuna kupewa zimenezi mafakitale amauziziritsa mpaka pafupi ndi madigiri 0 n'kusefa timafutato. Wosasefedwa amakhala wolemerera m'kamwa, ndipo akachita mbuu mutathira madzi, sikuti wawonongeka.

Tsopano tifike pa kulawa kwenikweni. Kapu yoyenera ndi yagalasi, yotupa m'munsi ndi yopapatiza kukamwa, kuti fungo lisonkhane. Yotchuka kwambiri ndi ya Glencairn, imene inatuluka mu 2001, koma kapu yaing'ono ya vinyo imagwiranso ntchito. Tambula yotakasuka kukamwa imamwaza fungo. Thirani pang'ono, mamililita 20 kapena 25, ndipo muisiye kwa mphindi zingapo osaikhudza. Mukaipendeketsa muona timizere ta mowa tikutsetsereka pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi. Cholakwa chimene pafupifupi aliyense amachita ulendo woyamba ndi kulowetsa mphuno m'kapu n'kukoka mpweya mwamphamvu. Pa 60% zimenezi zimaluma m'mphuno mpaka misozi kulengeza, ndipo kwa kanthawi mphunoyo simvanso kanthu. Choyenera ndi kuyamba kapu ili chapatali, cha pachibwano, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, n'kumaisendeza pafupi mpaka pamene fungo layamba kumveka koma kuluma kusanayambe.

Kulawa koyamba kukhale kadontho, kongonyowetsa lilime, ndipo musaweruze nako chilichonse, chifukwa m'kamwa mumakhala musanazolowere ndipo chimene chimamveka ndi kutentha kokha. Kachiwiri ndi kamene kamayamba kulankhula. Sungani mowawo pakamwa kwa masekondi angapo, malovu ausungunule, kenako mezani n'kupumira m'mphuno pang'onopang'ono, chifukwa mbali yaikulu ya chimene timati kukoma imamveka ndi mphuno kudzera kukhosi. Ndi bwino kulawa kamodzi kapena kawiri musanathire madzi, kuti mudziwe pamene mwayambira.

Madzi ndiwo mwini nkhani. Akhale oyera, osazizira kwambiri, opanda fungo la mankhwala a m'mipopi, ndipo muwathire ndi kasupuni kakang'ono kapena kampopi kodonthezera, madontho atatu kapena anayi poyamba. Mukayang'anitsitsa muona timafunde tangati ulusi tikuzungulira m'kapu pamene madzi ndi mowa zikusakanikirana, ndipo kusakanikiranako kumatulutsa kutentha pang'ono kumene kumathandiza fungo kukwera. Dikirani mphindi imodzi, nunkhizaninso. Nthawi zambiri wisiki amene anali wotseka, wongomveka ukali, amayamba kutulutsa zipatso, kapena utsi umene unali utabisala. Mu 2017 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Linnaeus ku Sweden, Björn Karlsson ndi Ran Friedman, anafalitsa kafukufuku wochitidwa pa kompyuta wokhudza guaiacol, kanthu kamene kamapereka fungo la utsi. Anapeza kuti mowa ukakhala pa 45% kapena kutsika, kanthuka kamakonda kukhala pamwamba, pamene mphuno ingakapeze mosavuta, koma pa 59% ndi kupitirira kamamira mkati mwa mowawo. Kafukufukuyu anayang'ana madzi, ethanol ndi guaiacol zokha, pamene mu wisiki weniweni muli tinthu tambirimbiri, motero safotokoza zonse, koma akugwirizana ndi zimene akatswiri osakaniza wisiki akhala akuchita kuyambira kale: ponunkhiza zitsanzo za migolo amazitsitsa mpaka pafupifupi 20%.

Palibe mlingo umodzi wa madzi woyenera mabotolo onse, ndipo apa ndi pamene kuleza mtima kumafunika. Kuti mamililita 25 a 60% atsike mpaka 46% pamafunika madzi okwana mamililita 7 kapena 8, pafupifupi supuni ya tiyi imodzi ndi theka. Kuti afike pa 40% pamafunika mamililita 12 ndi theka. Wisiki wachinyamata wa mumgolo wa bourbon kawirikawiri amalandira madzi ambiri bwinobwino. Wakale kwambiri, makamaka wa mumgolo wa sherry, akhoza kusweka ndi madzi ochepa chabe, kukoma kwake n'kuthawa, n'kutsala kuwawa kwa thabwa. Popeza madzi amene mwathira simungawachotse, njira yanzeru ndi kuthira m'makapu awiri, ina kuisiya monga ilili, ina kumaiwonjezera madzi pang'onopang'ono, n'kumayerekeza. Madzi oundana ndi nkhani ina: amapha ukali, komanso amatseka fungo, motero ndi abwino pomwa mongosangalala kukatentha, osati polawa.

Mabotolo a ku Islay amafuna chenjezo lawolawo. Kumeneko chimera chambiri amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwola kwa zaka zikwi zambiri, limene amalidula, kuliumitsa ndi kulisonkhezera ngati nkhuni. Kuchuluka kwa utsiwo kumayezedwa ndi nambala ya ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni imodzi. Chimera cha mafakitale a Laphroaig ndi Ardbeg chimakhala cha m'ma 40 ndi 50, pamene wisiki wa Octomore 08.3 wa ku fakitale ya Bruichladdich anafika pa 309. Nambalayi ndi ya chimera, si ya mowa umene uli m'botolo, chifukwa utsi wambiri umatayika potcheza ndi pokhwima, ndipo anthu ambiri amadabwa kupeza kuti Octomore sanunkha utsi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa anzake. Komabe utsi umakanirira m'kamwa nthawi yaitali. Polawa mabotolo angapo tsiku limodzi, yambani ndi opepuka, a sherry abwere pakati, a utsi akhale omaliza, ndipo pakati pake muzimwa madzi ndi kudya kabuledi kopanda kanthu.

Zolemba za akatswiri olawa zimadzaza ndi mayina a zinthu za ku Britain, monga maluwa a m'mapiri a ku Scotland ndi makeke a pa Khirisimasi, ndipo wowerenga amene sanakule nazo akhoza kuganiza kuti mphuno yake ndi yoperewera. Sizili choncho. Mphuno imazindikira fungo polifanizira ndi limene inakumana nalo kale. Ngati wisiki wa ku Islay akukukumbutsani khitchini imene mwagonera utsi wa nkhuni zonyowa, kapena nsomba zowamba, lembani zimenezo. Ngati wa mumgolo wa bourbon akumveka ngati nthochi zakupsa kwambiri kapena mtedza wokazinga, ndipo wa sherry ngati bwemba, mawu amenewo ndi olondola kwa inu kuposa obwereka, ndipo adzakuthandizani kukumbukira botololo pakapita chaka. Polemba, musaiwale nambala ya gulu kapena ya mgolo, mphamvu yake, ndi madzi amene munathira.

Mphamvu ya mowawu isatengedwe mopepuka, makamaka chifukwa wokhwima bwino amatsika kukhosi mofewa kuposa mmene nambala yake ikunenera. Ku Britain muyezo umodzi wa mowa ndi mamililita 10 a ethanol, ndipo azaumoyo amalangiza kuti munthu asapitirire miyezo 14 pa sabata. Mamililita 25 a 40% ndi muyezo umodzi, koma a 60% ndi muyezo umodzi ndi theka, ndipo botolo lonse la 60% lili ndi miyezo 42. Madzi amene mwathira m'kapu sachotsa ethanol ngakhale pang'ono. Munthu amene walawa makapu asanu otere wamwa kupitirira theka la mlingo wa sabata yonse, ndipo sayenera kugwira chiwongolero. Lilime nalonso limatopa; pofika kapu yachinayi kapena yachisanu, kusiyana kwa migolo kumene munalipirira kumakhala kutayamba kuzimiririka.

Botolo lotsegulidwa lisungidwe choimirira, pamalo osafika dzuwa, chifukwa mowa waukali chotere umadya chitsekerero ukagonekedwa. Ambiri amaona kuti kapu yoyamba ya m'botolo latsopano imakhala youma ndi yaukali, ndipo pakapita masabata angapo mpweya utalowamo mowawo umafewa, motero ndi bwino kubwererako kangapo musanagamule. Mukamaliza kulawa, kapu musaitsuke nthawi yomweyo. Ivindikireni ndi kambale, ndipo m'mawa mwake muinunkhize: ethanol amakhala atauluka, ndipo pansi pa galasi pamatsala fungo la thabwa, la vanila kapena la phulusa lozizira, limene usiku lija linali litaphimbidwa ndi ukali.